Ana athu a tchesi apite kunja, kapena tiyambe tagula mawotchi?

Kochi wa pa Boma:
Makolo ndi aphunzitsi nonse, mwaswera bwanji. Nkhani ija ndinakunong'onezani Loweruka yafika poti tiikambe. Tapatsidwa mpata wopereka mayina a ana awiri oti akasewere nawo mpikisano wa ana wa tchesi yothamanga, rapid ndi blitz, kunja kwa dziko lino. Koma ulendo, malo ogona, chakudya ndi ndalama yolembetsera, zonsezo n'zathu. Zomwe zili m'thumba la gulu mukuzidziwa, a Msungichuma anaziwerenga pamaso panu. Ndisanayankhe kalatayi ndati ndimve kaye maganizo anu. Ine mtima uli pawiri, ndisanamize.

Make Mapasa:
Zikomo a Kochi. Ndifunse kaye ngati munthu wosadziwa. Rapid ndi blitz zikusiyana pati ndi tchesi imene amasewera pansi pa mtengo wa mango ija? Anawa akabwera kunyumba amangoti "amayi ndagwa pa nthawi", ine n'kumangogwedeza mutu ngati ndamva.

Kochi wa pa Boma:
Mwafunsira ambiri mayi. Bolodi ndi yomweyo, hachi ndi bishopu akuyenda chimodzimodzi, chimene chimasintha ndi wotchi. Pa tchesi yodekha ija amati classical, aliyense amapatsidwa ola ndi theka kapena kuposa, moti masewero amodzi amatha kudya maola anayi. Rapid ndi pamene aliyense ali ndi mphindi zoposa 10 koma zosafika 60. Blitz ndi mphindi 10 kutsika m'munsi. Ku mpikisano wa akatswiri a dziko lonse, pa rapid amapereka mphindi 15 ndipo ukasuntha kamodzi wotchi imakuwonjezera masekondi 10. Pa blitz ndi mphindi 3 ndi masekondi 2 owonjezera. Mphindi zitatu mayi, madzi a tiyi asanawire anthu agwirana kale chanza. Kugwa pa nthawi ndiko kuti mphindi zako zatha mnzako akadali nazo. Ngakhale utamudyera kwini ndi maruku onse awiri, wagonja ndithu, pokhapokha ngati iye watsala ndi mfumu yokhayokha yoti singakuchite kanthu, apo ndiye mwafanana mphamvu.

Mdala wa Bawo:
Ine ndakalambira pa bawo, ndipo ndikuuzeni a Kochi, wothamangitsa dzanja ndi amene timamudyera nkhomo zonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tinabweretsa adzukulu kwa inu kuti aphunzire kukhala pansi n'kuganiza, lero mukuti tigulitse mbuzi kuti akaphunzire kupupuluma kutsidya la nyanja? Ndamva molakwika kapena?

Wa ku Joni:
Asalaam aleikum nonse kumudzi. Achimwene a Kochi, ana apite. Apite basi. Ine kuno ndimaona ana a zaka 9 Loweruka lililonse ali m'maholo a sukulu ndi makolo awo, mawotchi ali mbwee. Ife tikamadikira kuti zonse zikhale bwino, anawa akula n'kulowa m'boti kukapha usipa kapena kunditsatira kuno kudzagwira maganyu. Amon Simutowe ndi wa pa Ndola pomwepa, ku Zambia, koma mu 2009 anakhala Grandmaster, udindo wapamwamba kwambiri pa tchesi. Akanangokhala pakhomo sakanafika pamenepo. Kenny Solomon anakulira ku Mitchells Plain, dera lovuta la ku Cape Town, iyenso ndi Grandmaster. Mwana wa ku Mpondasi walakwanji?

Msungichuma:
Walaikum salaam achimwene. Mawu anu ndi okoma koma thumba ndagwira ndine. Zomwe tasonkha chaka chonse sizikufika ngakhale pa tikiti ya ndege ya mwana mmodzi, ndiye pali awiri ndi wowaperekeza. Komanso ndalama yolembetsera ndi ya hotela safuna makwacha, amafuna madola kapena mayuro. Kuyambira pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse cholipira ndi ndalama yakunja chinasanduka phiri, ndipo ngakhale uli ndi makwacha m'manja, kuti dola uipeze ku banki ndi nkhani ina. Walira mvula walira matope. Amene akuti apite anenenso kuti akuponya zingati.

Wa ku Joni:
Ndiponya, musandiyese wolankhula chabe. Ndikambirananso ndi anyamata a kwathu omwe tili nawo kuno, alipo ambiri a ku Namwera ndi ku Katuli.

Woyimbira:
Ndilowepo ine amene ndimaima pakati pa matebulo. Ndalama tiiike kaye pambali. Funso langa ndi lakuti, mwa ana 23 amene amabwera Loweruka, ndi angati anasewerapo masewero 30 pa wotchi yeniyeni? Tili ndi mawotchi atatu, ina batani lake limakakamira. Ambiri amasewera popanda wotchi, ena timawaikira foni pambali. Ndiye mukamutenga mwana wotere n'kukamukhazika mu holo ya anthu mazana, chimene chidzamugwetse choyamba si nzeru za mnzakeyo. Ndi malamulo.

Tamvani zomwe ndinaona ndi maso anga pa kampikisano kena kummwera kuno. Kamnyamata kathu kena, kochenjera kwabasi, kanali katamupanikiza mnzake. Kofuna kubisa mfumu pakona, kanagwira mfumu ndi dzanja lamanja, ruku ndi lamanzere, n'kudina wotchi. Mnzakeyo anangoimitsa wotchi n'kukweza dzanja. Lamulo likuti kusuntha ndi manja awiri n'kudina wotchi kumawerengedwa ngati kusuntha kosaloledwa. Koyamba, mnzakoyo amamuwonjezera mphindi imodzi. Kachiwiri, wagonja. Patapita kanthawi poni yake inafika kumapeto, iye ndi chimwemwe anangodina wotchi osaikapo kwini. Kachiwiri kameneko. Masewero anathera pomwepo, mwana misozi chuchuchu, pa bolodi ali ndi zonse.

Ndipo zilipo zambiri zotere. Dzanja losuntha ndi lomwelo lodinira wotchi. Chimene wagwira ndi chimene usunthe. Mfumu sadya, ukangoichotsa pa bolodi monga amachitira pamsika walakwa ndiwe. Ruku yozondotsa si kwini, woyimbira adzaiwerenga ngati ruku. Foni ikapezeka m'thumba mwako mu holo, wagonja osasewera. Izi sizilowa m'mutu poziwerenga pa pepala, zimalowa m'dzanja ukamasewera kawirikawiri.

Madamu a ku Malindi:
A Woyimbira mwandikumbutsa atsikana anga. Akagwira chinthu n'kuona kuti alakwitsa amati "pepani ndimangokonza". Ndimawauza kuti kukonza umanena usanagwire, osati utagwira kale.

Mdala wa Bawo:
Ndiye mwamva nokha. Mwana anaposa mnzake nzeru koma anagonja chifukwa cha batani. Amenewo ndi masewero kapena mayeso a madalaivala?

Mnyamata wa Lichess:
Agogo ndiloleni ndikutsutseni pang'ono, mwaulemu. Tchesi yothamanga si kupupuluma. Amene amapambana blitz ndi amene anaona kale maonekedwe ambirimbiri a bolodi, ndiye diso likangoona, dzanja likudziwa kale kopita. Ndi ngati inu pa bawo, simuwerenganso nkhomo imodziimodzi, mumangoyang'ana n'kudziwa pomwe mukagonere. Komanso kwa ife achinyamata khomo lotseguka ndi limeneli. Nodirbek Abdusattorov wa ku Uzbekistan anatenga ukatswiri wa dziko lonse wa rapid ku Warsaw mu 2021 ali ndi zaka 17, Magnus Carlsen, chimphona cha tchesi chija, ali momwemo mu mpikisano. Mu 2024 ku New York anatenga Volodar Murzin ali ndi zaka 18. Pa rapid wamng'ono amatha kugwetsa chimphona.

Koma a Woyimbira akunena zoona pa chinthu chimodzi. Ine pa foni, pa Lichess pomwe anthu amasewera tchesi pa intaneti, ndasewera masewero osawerengeka, bandulo ikalola ndi magetsi akakhalapo. Tsiku loyamba kukhala pa bolodi yeniyeni ndi wotchi ndinasokonezeka. Pa foni kusuntha kolakwika sikutheka, makina amakukaniza okha. Zidutswa sizigwa. Pa bolodi ndinagwetsa bishopu ndi chigongono, ndikumutola pansi pa tebulo nthawi yanga ikupita. Ndipo bishopu wa mnzanga amene anali patali pakona sindinamuone n'komwe, maso anazolowera kagalasi kakang'ono.

Mdala wa Bawo:
Iwe mdzukulu wayankha bwino, zakuti sindiwerenga nkhomo wanena zoona. Koma ndinayamba ndawerenga zaka makumi awiri.

Kochi wa pa Boma:
Apo agogo mwalasa pomwe mtima wanga ukukayikira. Abdusattorov amene watchulidwayo sanayambire pa blitz, anali kale Grandmaster wa tchesi yodekha ali mwana. Gukesh wa ku India, amene anagonjetsa Ding Liren ku Singapore mu Disembala 2024 n'kukhala katswiri wa dziko lonse ali ndi zaka 18, mphamvu yake ili pa kukhala pansi n'kuwerengera. Liwiro limabwera pamwamba pa maziko. Ndipo pali china chimene chimandidetsa nkhawa ngati mphunzitsi. Pa rapid ndi blitz sakakamiza kulemba mmene mwasunthira. Mwana akhoza kupita, kusewera masewero 9 kapena 11 m'masiku awiri, n'kubwera opanda pepala ngakhale limodzi loti tikhale pansi tione analakwitsa pati. Ukamufunsa amangoti "anandidya". Pa tchesi yodekha amabwera ndi mapepala, timaphunzirapo miyezi itatu gulu lonse.

Komabe ndisabise mbali inayo. Rapid ndi yotchipa. Mpikisano wa tchesi yodekha wa ana umatenga sabata yathunthu ndi masiku owonjezera, hotela tsiku lililonse. Wa rapid ndi blitz umatha m'masiku awiri kapena atatu. Kwa anthu a thumba ngati lathuli, kusiyana kumeneko si kwamasewera.

Wogulitsa Usipa:
Moni nonse. Usipa wouma bwino wa ku Makanjira ulipo, ndowa ndi chigoba, tikubweretserani pakhomo.

Msungichuma:
Achimwene, gulu lino ndi la tchesi. Koma poti mwadzionetsa nokha kuti geni ikuyenda, dzina lanu ndalilemba pa osonkha.

Wogulitsa Usipa:
Ndalakwitsa gulu koma lembani ndithu, mwana wa mlongo wanga amasewera komweko.

Madamu a ku Malindi:
Ndibwezere nkhani pa njira. Palibe amene watchula sukulu. Mwa ana amene tonse tikuwaganizira, wina ali Sitandade 8, wina Fomu 2. Onsewo ali ndi mayeso a MANEB kutsogolo kwawo. Masiku atatu a mpikisano si masiku atatu okha. Pali ulendo wopita, wobwera, masiku othamangira mapepala, ndi sabata ina yoti mutu ubwerere m'kalasi. Ine sindikukana, koma ahedi auzidwe ndi kalata nthawi ikadalipo, osati mwana kungosowa m'kalasi.

Chachiwiri, ndipo apa ndilimbapo. Ngati mmodzi mwa awiriwo ndi mtsikana, ndipo ayenera kukhala mtsikana, apite ndi munthu wamayi. A Kochi musandimve molakwa, tonse timakukhulupirirani. Koma kuno kwathu kholo kuti lilole mwana wamkazi kukagona kutali ndi nkhani yaikulu, ndipo tikalakwitsa kamodzi, kaya ndi mphekesera chabe, atsikana onse achotsedwa ku tchesi tsiku limodzi. Tavutika kuti afike asanu ndi atatu amene tili nawowa. Susan Namangale anatsogolerapo Chessam, bungwe la tchesi la dziko lonse lino, munthu wamayi. Ndimawauza atsikana anga zimenezi kuti adziwe kuti mpando ulipo. Tisawatsekere khomo ndi kusasamala kwathu.

Kochi wa pa Boma:
Madamu palibe cholakwika mwanena. Inenso sindingavomere kunyamula mwana wamkazi wa munthu ndekha.

Msungichuma:
Ndiye matikiti akhala anayi tsopano. Ndikungowerengera mokweza.

Make Mapasa:
Ine wanga wamkaziyo ndi amene amakonda kwambiri kuposa mlongo wake. Koma bambo ake anena kale kuti kopanda mayi wodziwika sapita, ngakhale pa Liwonde pomwepa.

Mwalimu:
Asalaam aleikum. Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Makolo ena amabwera kwa ine kudzafunsa za masewerowa, ndiye ndinene pano zomwe ndimawauza. Tchesi si yachilendo kwa Asilamu. Inayambira ku India, inadutsa ku Persia komwe ankaitcha shatranj, ndipo ndi Aluya amene anaifikitsa ku Spain. Chimene ine ndimayang'ana ndi ichi: pasakhale kubetcha, ndipo Swala isaphonyedwe chifukwa cha bolodi. Tsono pa ulendowu ndili ndi mafunso atatu kwa a Kochi. Masiku ake sakugwera mu Ramadhani? Mwana wa zaka 14 amene wamanga, kusewera masewero asanu motsatizana masana ndi katundu wolemera. Chakudya cha kumeneko, woperekeza adzadziwa kufunsa za halaal? Ndipo mtsikana wovala hijabu sadzavutitsidwa pakhomo la holo?

Woyimbira:
A Mwalimu, pa hijabu musade nkhawa, atsikana a ku Egypt, Algeria ndi maiko ena amasewera atavala ndithu. Chimene amachita ndi kufufuza ngati munthu wabisa kachipangizo m'makutu kapena m'thumba, ndipo kufufuza kwa mtsikana kumayenera kuchitidwa ndi munthu wamayi, pambali. Koma za kavalidwe muziwerenga kalata ya mpikisano bwinobwino, chifukwa ena amakhwimitsa. Carlsen weniweniyo anamulipiritsa madola 200 ku New York mu 2024 chifukwa chovala jinzi. Ndiye mwana wathu asakafike ndi patapata.

Kochi wa pa Boma:
Masiku ndaona a Mwalimu, sakugundana ndi mwezi wa kumanga. Za chakudya ndalemba.

Bambo wa ku Namwera:
Ndadikira kuti wina anene koma aliyense akuzungulira. Ana awiriwo ndi ati? Chifukwa mmene mukukambira zikuoneka ngati mayina alipo kale. Ife a kumtunda kuno ana athu amabwera kamodzi pamwezi, thiransipoti yotsika phiri ndi yodula. A pa boma amasewera Loweruka lililonse, a Kochi amawadziwa ndi mayina a agogo awo omwe. Ndiye zikafika pa mwayi ndi omwewo. A ku Monkey Bay nawo afunsidwa? A ku Makanjira? Posonkha mumatikumbuka.

Kochi wa pa Boma:
Bambo, sindinalembe dzina la mwana aliyense.

Bambo wa ku Namwera:
Simunalembe pa pepala. Madamu anena okha kuti "ana amene tonse tikuwaganizira", wina Sitandade 8 wina Fomu 2. Ine wanga ali Sitandade 6. Ndiye "tonse" ameneyu ndi ndani?

Madamu a ku Malindi:
Apo mwandigwira bambo, ndinalankhula mosaganiza. Pepani.

Wa ku Joni:
Amalume a ku Namwera akunena zoona. Ine ndikapempha anyamata kuno funso loyamba lidzakhala lomwelo, mwanayo ndi wa ndani. Ndikati anasankhidwa ndi akomiti, matumba atsekedwa. Ndikati anapambana pamaso pa anthu, apereka.

Woyimbira:
Njira yake ndi yosavuta. Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Tichite mpikisano wosankhira, tsiku limodzi, ndime 7, mphindi 15 ndi masekondi 10 monga momwe akakasewerere kunjako. Kagawidwe kake kakhale ka Swiss, kuti wopambana azikumana ndi wopambana mnzake ndipo palibe wotuluka panjira. Kompyuta ndi imene imagawa, osati ine kapena a Kochi. Zotsatira tizimata pakhoma ndime iliyonse. Atsikana akhale ndi mndandanda wawo wa mapointi.

Koma bweretsani zikalata za kubadwa. Magulu a zaka amayenda 8, 10, 12, 14, 16, 18, ndipo amawerengera pa 1 Januwale wa chaka cha mpikisano. Mwana amene anali atakwanitsa kale zaka 12 tsiku limenelo lisanafike sangasewere ndi a zaka zosafika 12, ngakhale akhale wamfupi bwanji. Ndanena izi chifukwa zochepetsa zaka tinaziona ku mpira, kuno tisaziyambe. Dzina ndi tsiku lobadwa zikalowa m'kaundula wa FIDE, bungwe la tchesi la dziko lonse lapansi, zimakutsata moyo wonse.

Make Mapasa:
Nanga pasipoti? Anga alibe onse awiri.

Msungichuma:
Limenelo ndi phiri lina mayi. Pasipoti ya mwana imafuna kalata ya kubadwa ndi zitupa za makolo, ndipo woperekeza amene si kholo ayende ndi kalata ya chilolezo yosainidwa ndi makolo. Ine mchemwali wanga anathamangira ya mwana wake miyezi, ulendo unachita kupita iye akadali pa mzere. Ngati ndi ku Ulaya pali viza pamwamba pake, imene amafuna kuona tikiti, malo ogona ndi inshulansi musanaipeze, ndipo akakukanani ndalama yofunsira sibwerera. Ku Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa ife a Malawi sitifuna viza pa ulendo waufupi.

Kochi wa pa Boma:
A Msungichuma mwanditsegulira pomwe ndimafuna kufika. Ndalingalira usiku wonse, ndiye mundilole nditalikitse.

Tikamati mwana akapeze chiyani kunja, ambiri timaganiza za mendulo. Tinene chilungamo, ulendo woyamba mendulo kulibe. Ku mpikisano wa ana wa dziko lonse kumabwera ana a ku India, Kazakhstan, Uzbekistan amene ali ndi aphunzitsi olipidwa kuyambira ali ndi zaka zisanu. Wathu akakapeza mapointi atatu pa 9 ndiye kuti wachita bwino. Ena amaganiza za maudindo a tchesi aja, kuyambira CM, FM, IM, mpaka GM amene ndi Grandmaster. Manambala ake, oyezera mphamvu ya wosewera, ndi 2200, 2300, 2400 ndi 2500, koma amawerengera pa tchesi yodekha. FIDE imasunga manambala atatu osiyana, a classical, a rapid ndi a blitz, ndipo nambala ya blitz ngakhale ikwere bwanji siikupatsa u-Grandmaster.

Chimene mwana angabwere nacho ndithu ndi ziwiri. Choyamba ndi nambala yake yoyamba ya FIDE. Kuti aipeze ayenera kusewera ndi anthu osachepera asanu amene ali nayo kale, osagonja onse, ndipo kuyambira mu Malichi 2024 nambala yotsikitsitsa ndi 1400. Chachiwiri ndi maso. Kuona holo, kumva kachetechete wa anthu mazana, kugonja kwa kamwana kochepa kuposa iye n'kudzuka kukaseweranso patatha mphindi khumi. Chimenecho sindingamuphunzitse pansi pa mango.

Tsono taonani. Choyambacho sichifuna ndege. Mpikisano ukalembetsedwa kudzera ku Chessam, woyimbira ali ndi chiphaso, ndipo mwabwera osewera amene ali kale ndi manambala, ana athu akhoza kupeza nambala ya FIDE pompano pa Mangochi. Osewera a ku Zomba ndi ku Blantyre kuwaitanira kunyanja sakana, tikangowapezera pogona ndi chambo. Ndalama ya tikiti imodzi ya ku Ulaya ikhoza kugula mawotchi ndi mabolodi okwanira ana onse 23, n'kutsalako yoitanira alendowo. Chachiwiricho chimafuna ulendo, inde, koma ulendo si ndege yokha. Kuchoka pano kudzera pa Golomoti kukafika ku Lilongwe, kutulukira pa Mchinji, Chipata, mpaka Lusaka, ndi basi yokhayokha. Zambia pa tchesi ili patsogolo pathu, amene anasewerapo nawo akudziwa. Mwana akakapirira kumeneko ndiye tidziwa kuti wakonzeka kupita patali.

Ndiye maganizo anga ndi akuti kalata iyi tiiyankhe kuti chaka chino ayi, tigule mawotchi, tichite mpikisano wathu, ndipo opambana tiwatumize pa basi ku mpikisano wa m'chigawo chino cha Africa ukapezeka.

Wa ku Joni:
Achimwene apa ndiye sindikugwirizana nanu. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kalata ili m'manja lero, ya chaka chamawa mwaiona? Mtsikana amene ali bwino panopa chaka chamawa adzakhala mu gulu la zaka zapamwamba, mwinanso adzakhala atasiya. Ndipo ndikuuzeni za anthu opereka ndalama. Ndikawauza kuti tikugula mawotchi, andipatsa zochepa. Ndikawauza kuti mwana wa kwathu akukwera ndege atanyamula mbendera, apereka mpaka ya lendi. Mahotela a m'mbali mwa nyanjawa nawonso amafuna chithunzi cha mwana ali pa bwalo la ndege, osati cha wotchi. Ndalama ya ulendo ndi ya mawotchi si thumba limodzi, mukakana ulendo musaganize kuti ndalamayo itsala.

Msungichuma:
Zimenezo ndi zoona ndipo zikundipweteka kuvomereza.

Madamu a ku Malindi:
Koma achimwene, taganizirani mwanayo. Mudzi wonse wasonkha, wajambulidwa, wapita, wagonja masewero asanu ndi awiri, awiri mwa iwo chifukwa cha manja awiri aja. Akabwera anzake ku sukulu amuseka kuti unakadya ndalama za anthu. Ine ndinaonapo mtsikana atasiyiratu masewero ena chifukwa cha zoterezi. Mwana wa zaka 12 kumusenzetsa boma lonse la Mangochi pamutu.

Wa ku Joni:
Ndiye timuuziretu, ndi osonkha omwe tiwauziretu, kuti akupita kukaphunzira. Kugonja adzagonja ndithu, kaya chaka chino kaya 2030. Bola agonje akadali wamng'ono.

Mnyamata wa Lichess:
Ndingapemphe chinthu? Kaya apita kaya sapita, pa masabata amene atsalawa ndikhoza kumabwera Lachitatu madzulo kudzasewera nawo blitz pa mawotchi awiri abwinowo, a Woyimbira n'kumaimba malamulo onse mosanyengerera. Ndipo za mapepala zimene a Kochi amadandaula, pa rapid ya 15 ndi 10 mwana akhoza kuzolowera kukumbukira masewero ake n'kuwalemba akangotuluka mu holo. Poyamba amakumbukira kusuntha khumi kokha, kenako zimachuluka. Ine ndinaphunzira choncho.

Woyimbira:
Lachitatu ndilipo. Koma makolo mudziwiretu kuti ana azibwera akulira masabata oyambawa. Ndipo kholo lizikhala panja monga zimakhalira kunjako, osati kuima kumbuyo kwa mwana n'kumatsokomola akagwira kwini.

Mdala wa Bawo:
Kutsokomolako mukunena ine, ndamva. Chifuwa n'chaukalamba.

Bambo wa ku Namwera:
Ine pa zoti apite kapena asapite ndilibe mbali. Changa ndi mpikisano wosankhirawo, uchitike poyera, ndipo gulu lithandize thiransipoti ya ana a kutali. Apo ayi mudzati munaitana onse pomwe anafika ndi a kabaza okhaokha.

Msungichuma:
Ya thiransipoti ya tsiku limodzi thumba likhoza. Nditumizireni chiwerengero cha ana a ku Namwera, Malindi, Monkey Bay ndi Makanjira pofika Lachisanu.

Mwalimu:
Tsiku la mpikisano wosankhirawo likhale Loweruka kapena Lamulungu masana, osati Lachisanu. Ndipo pakhale kupuma nthawi ya Dhuhr, Swala ya masana.

Madamu a ku Malindi:
Loweruka a Mwalimu, Lamulungu enafe tili ku tchalitchi mpaka 12 koloko. Koma a Sabata nawonso alipo awiri, a Kochi muwafunse makolo awo.

Kochi wa pa Boma:
Ndiwafunsa. Tsono tichite chonchi. Kalatayi ili ndi masabata atatu tisanayankhe. Mpikisano wosankhira uchitike kaye. Achimwene a ku Joni, inu yesani mbali yanu, koma tikufuna ndalama yolowa m'thumba la a Msungichuma, osati malonjezo. Ikakwana ya anthu anayi pofika tsiku loyankha, ndipo opambanawo mapasipoti awo ali m'manja, sindidzaimitsa mwana wa munthu. Ikapanda kukwana, osonkha auzidwiretu lero kuti ipita ku mawotchi ndi ulendo wa pa basi, asadzati tinawanamiza.

Wa ku Joni:
Ena akamva za mawotchizo abweza dzanja, koma chabwino, ndiwauza momwemo. Mawotchi kuno amapezeka, ndifufuze mtengo? Ndikhoza kupatsira anyamata a mabasi.

Woyimbira:
Fufuzani, koma akhale a manambala otha kuwonjezera masekondi, monga a kampani ya DGT. A mivi aja satha 15 ndi 10.

Make Mapasa:
Ine mawa ndikuyamba za makalata a kubadwa, zisandipeze. Koma a Kochi ndifunse, mapasawa akadzakumana okhaokha pa mpikisano wosankhirawo zidzatha bwanji? Chifukwa kunyumba kuno akagonja mmodzi nsima sadya.

Woyimbira:
Kompyuta sidziwa chibale mayi. Mudzaphike yochepa.

Wogulitsa Usipa:
Ndiwo za ana tsiku limenelo musagule, ndibweretsa ndowa imodzi. A Msungichuma mulembe kuti ndapereka.

Msungichuma:
Ndalemba ndowa. Ya tikiti ikadali pa dzina lanu.